Mgolo Wazizira pa Chamama

Lachitatu lino mgolo sunaone moto.
M'paipi muja munkatsika dontho ndi dontho
mavu ayamba kumangamo nyumba,
ine osawapirikitsa.
Zigubu zinayi za mwezi watha
zangoti duu kuseri kwa chitseko
ngati alendo osadziwa kutsanzika.

Kale fodya akagulidwa ku Chinkhoma
matenanti ankatsika lole ndi ludzu la chaka chonse,
njinga pakhomo pano mbwee ngati pachipatala.
Ndinkathira wamutu pansi, n'kukhwatcha machesi,
lawi lobiriwira n'kuvina padothi,
iwo m'manja: "Nagama, watcheza!"
Mfundo ya pachitenje changa inkandikoka chiuno.

Lero ndimatsegula kope la ngongole
ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi mopanda ana.
Zakeyu, mabotolo asanu ndi awiri.
Analapa pamsonkhano wa m'tenti,
tsopano amadutsa atamanga tayi,
moni wake ndi vesi.
Kanjauke anamuopseza adokotala,
amamwa thobwa atatsinzina.
Foloma tinamuika m'mwezi wa Malichi.
Dzina lake ndinalifuta ndi bolopeni
koma usiku limaonekabe,
ndipo silibwera kudzalipira.
Anyamata a kabaza akuti botolo ndi handulo siziyenderana,
yawo imathera mufoni,
kubetcha mpira wa kumaiko komwe sadzafikako.

Shuga yekha ndiye sanalape.
Mwezi uliwonse amakwera tsitepe ina.
Wankhuni sadziwa vesi.
A banki m'khonde, amayi anzanga omwe,
tinkasekera limodzi pamjigo,
Lachisanu lapitali anakhala pamphasa yanga
maso ali kudenga,
milomo ikuwerenga malata mwakachetechete.

Ndiye pali Enelesi.
Yunifolomu yake yoyamba inatuluka m'paipi imeneyi.
Fizi, mayeso, sutikesi, basi ya ku Lilongwe,
zonse dontho ndi dontho,
utsi uli m'maso mwanga tambala asanalire.
Lero ndi mlangizi wa zaumoyo.
Dzulo kusikelo, pansi pa mtengo wa mango,
anatambasula chithunzi cha chiwindi
chakuda ngati kunsi kwa mgolo wanga.
Anthu anapukusa mitu.
Ndinali kumbuyo, ndinaomba nawo m'manja.
Anayankhula bwino mwana wanga,
sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe,
ndipo sananame.
Sanayang'anenso kumene ndinaima.

Madzulo anabwera ndi paketi ya fulawa
ndi mafuta theka la botolo.
"Amayi, yesani mandasi."
Mandasi pa Chamama!
Padepoti pali kale mabeseni khumi ndi atatu
akulimbirana minibasi imodzi ndi ntchentche.
Khutu langa lino limamva gaga akamapsa m'chidebe,
chala chimadziwa madzi akafunda,
mphuno imasiyanitsa mutu ndi mchira,
zaka makumi awiri ndi zitatu,
ine wosalawako ndi tsiku limodzi.
Luso limeneli ndikaliika pashelefu iti?

Sindikupempha kuti Zakeyu agwenso,
kapena kuti mkazi wa Kanjauke ayambirenso kugona kwa aneba.
Amanenepa masiku ano, ndamuona.
Ndikungofunsa, mudzi ukachira
amene ankadya za matenda ake amalowera kuti?

M'mawa uno kunamveka odi.
Zakeyu, tayi ili pakhosi, chipewa m'manja,
maso ali pamgolo.
Akuti kutchalitchi kwawo akuumba njerwa,
akusowa mosungira madzi.
Anaugogoda ndi chala,
unalira ngati m'mimba mopanda kanthu.
Tinakangana mtengo mpaka dzuwa kufika pamutu.
Ndamuuza abwere Lolemba ndi ngolo.
Ndamuuzanso asaiwale
za mabotolo asanu ndi awiri aja,
popeza kulapa kwake kumwamba kunamveka
koma m'kope langa sikunafike.